Makalata awiri afika: kusankha pakati pa mayunivesite awiri ovuta kulowa

Wophunzira akatengedwa ku mayunivesite awiri amene anthu ambiri amabwezedwa pakhomo, masiku oyamba amathera pa mafoni oyamikira. Chisangalalo chikazizira pamabwera funso, ndipo ambiri amafunsa lolakwika: "Yapamwamba ndi iti?" Funso limeneli linali ndi ntchito pamene munkasankha koti mupemphe malo. Panopa onse awiri akuvomerani. Ngati onse ali m'gulu lotenga ophunzira ochepa mwa ochuluka, mayina awo sasiyana kwambiri ngati mmene zimasiyanirana zolembedwa m'makalata amene muli nawo m'manja. Nkhani yagona pa zinthu zitatu: ndalama zimene mudzatulutse kufikira tsiku lolandira digiri, ngati mudzaloledwadi kuphunzira chimene mukufuna, ndi malonjezo amene ali papepala, osati apakamwa.

Zoti dzina si zonse si mawu ongotonthoza nawo munthu. Mu 2002, akatswiri a zachuma Stacy Dale ndi Alan Krueger anafalitsa kafukufuku woyerekeza ophunzira a ku America amene anatengedwa ku masukulu ofanana koma n'kusankha mosiyana, wina kupita kotchuka kwambiri, wina kocheperako. Patapita zaka, malipiro awo anali pafupifupi chimodzimodzi. Amene anapindula mooneka ndi sukulu yotchuka anali ana ochokera m'mabanja osauka, ndipo atabwereza kafukufukuyu anapeza zomwezo kwa ophunzira akuda, a mtundu wa Hispanic, ndi amene makolo awo sanapite patali ndi sukulu. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: mwana amene kwawo kulibe womutsegulira zitseko amazipeza kusukulu. Mu 2023, Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman anaonetsa kuti kupita ku amodzi mwa masukulu 12, omwe ndi asanu ndi atatu a Ivy League (gulu la mayunivesite otchuka a ku America) pamodzi ndi ena anayi, Stanford, MIT, Duke ndi Chicago, kumakweza mwayi wofika pa maudindo ndi malipiro apamwamba zedi, ngakhale malipiro a wophunzira wamba sasintha kwambiri. Koma dziwani kuti iwo ankayerekeza masukulu amenewa ndi mayunivesite akuluakulu a boma, osati awiri a m'gulu limodzi.

Mindandanda yoika mayunivesite pa manambala musaidalire posiyanitsa wa nambala 6 ndi wa nambala 14. Wa ku Shanghai umawerengera mphoto za Nobel ndi kuchuluka kwa kafukufuku wofalitsidwa, zinthu zimene wophunzira wa chaka choyamba sazikhudza n'komwe. Wa kampani ya QS umadalira kwambiri mbiri ya sukulu monga akuionera aphunzitsi a m'mayunivesite ena. Manambala enanso amachokera ku sukulu zomwezo. Mu 2022 pulofesa wa masamu wa ku Columbia, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti ziwerengero zimene yunivesite yake inkatumiza ku U.S. News, kampani yofalitsa mndandanda wotere ku America, zinali zokayikitsa, ndipo sukuluyo inatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18. M'makalasi simunasinthe kalikonse chaka chimenecho.

Yambani ndi kalendala

Musanayerekeze chilichonse, lembani tsiku lomaliza loyankha la sukulu iliyonse ndi zimene kuyankhako kumakumangani nazo. Ku America masukulu ambiri amafuna yankho pofika pa 1 Meyi, limodzi ndi dipoziti imene kawirikawiri sibwezedwa. Ngati munatengedwa kudzera mu Early Decision, njira yopempha malo msanga ku sukulu imodzi, palibenso chosankha: munasaina kuti mukatengedwa mupita, ndipo mapempho ena muyenera kuwachotsa, pokhapokha ngati thandizo la ndalama lachepa moti simungakwanitse. Ku Britain, kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mapempho a malo m'mayunivesite, mumasankha malo amodzi otchedwa firm ndi ena osungira otchedwa insurance, ndipo tsiku likadutsa musanayankhe malo onse amatengedwa ngati mwawakana. Cholakwa chofala pamenepa n'kuika pa insurance sukulu yofuna magiredi ofanana kapena oposa a firm. Mukalephera kufikira magiredi a yoyamba, yachiwiri nayonso mwaiphonya, ndiye kusungirako kunalibe phindu.

Ena amaganiza zolipira dipoziti mbali zonse ziwiri kuti apeze nthawi yoganiza. Mapanga awiri avumbwitsa. Amene anagwiritsa ntchito Common Application, fomu imodzi yopemphera malo ku masukulu ambiri a ku America, anavomera kale kulipira dipoziti kumodzi kokha, ndipo sukulu ikazindikira ili ndi ufulu wolanda malo. Chololedwa n'kulipira kumodzi uku dzina lanu lili pa mndandanda wa odikira kwina. Akakuitanani kumeneko, mumataya dipoziti yoyamba ija basi.

Ndalama: apa ndi pofunika kukhalitsa

Makalata a thandizo la ndalama salembedwa mofanana, ndipo ena amalembedwa mokometsera. Pansi pa mutu umodzi woti "thandizo" amaunjikapo zinthu zitatu zosiyana kotheratu: ndalama zaulere zimene simudzabweza, ngongole imene mudzabweza ndi chiwongoladzanja, ndi ntchito ya pasukulu imene ndalama zake mudzazilandira pang'onopang'ono mukaipeza n'kuigwira. Ntchito yanu n'kuzilekanitsa.

Tengani pepala. Pamwamba lembani mtengo wonse wa chaka: fizi, malo ogona, chakudya, mabuku, inshulansi ya zaumoyo, ndi ulendo wopita ndi kubwerera kwanu. Chotsanipo ndalama zaulere zokhazokha. Chotsalacho ndiye mtengo weniweni. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, m'ndalama ya dziko lililonse. Sukulu yoyamba mtengo wake ndi 80,000 pachaka ndipo yakupatsani 62,000 yaulere, kwatsala 18,000. Yachiwiri mtengo wake ndi 60,000 ndipo kalata ikuti thandizo ndi 50,000, kusonyeza ngati kwatsala 10,000 yokha. Mukawerenga bwino mupeza kuti yaulere ndi 35,000, ngongole 10,000, ntchito 5,000. Mtengo weniweni ndi 25,000. Pa zaka zinayi, yoyamba ija yooneka yodula ikutengerani 72,000, yachiwiri 100,000.

Sizinathere pamenepo. Fizi imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo muyenera kudziwa ngati thandizo limakwera nayo. Sikolashipu yoperekedwa chifukwa cha kukhoza bwino nthawi zambiri imakhala ndalama yokhazikika. Ngati mtengo wa 60,000 uja ukukwera ndi 4 peresenti pachaka, chaka chachinayi udzakhala pafupifupi 67,500, ndipo zowonjezera za zaka zitatuzo zikakwana pafupifupi 14,800, zonse za m'thumba mwanu. Thandizo loperekedwa poona kusowa kwa banja limawerengedwanso chaka ndi chaka. Limatha kukwera fizi ikakwera, komanso limatha kutsika ngati kholo lakwezedwa pantchito kapena m'bale wanu amene anali ku koleji wamaliza. Masukulu a Ivy League amapereka thandizo la mtundu wachiwiriwu wokha; alibe sikolashipu ya kukhoza bwino kapena ya masewera, ndiye kuwauza kuti kwina akupatsani mphoto ya magiredi sikuwasuntha.

Mafunso otsatirawa afunseni pa imelo, kuti yankho likhale lolembedwa. Kodi thandizoli ndi la zaka zingati, ndipo digiri ikatenga semesita yowonjezera limapitirira? Pamafunika magiredi otani kuti lisachotsedwe, ndipo ndi ophunzira angati amalitaya chaka choyamba chikatha? Funso lachiwirili n'lofunika kwambiri kwa ophunzira za uinjiniya ndi sayansi, kumene magiredi a chaka choyamba amagwa ngakhale kwa amene ankakhala nambala wani kusekondale. Nanga mukapeza sikolashipu ina kuchokera ku bungwe lakunja, sukulu idzayamba kuchotsa chiyani, ngongole kapena ndalama zake zaulere? Pali masukulu amene amachotsa zaulerezo, moti khama lanu lonse limapindulira iwo. Malo ogona a pasukulu ndi otsimikizika kwa zaka zingati? Kumene amalonjeza chaka choyamba chokha, fufuzani lendi ya nyumba zoyandikana ndi sukulu, chifukwa m'mizinda ngati London, New York kapena Boston lendi yokha imatha kugwetsa masamu anu onse.

Kupempha kuti aonenso thandizo n'kololedwa, ndipo sikuika malo anu pangozi. Lemberani ofesi ya thandizo la ndalama mwaulemu, tchulani ndalama yeniyeni imene ikupelewera, ndipo phatikizanipo umboni: kalata yochotsedwa ntchito ya kholo, mabilu a chipatala, kugwa kwa ndalama ya dziko lanu, kapena kalata ya sukulu inayo ngati yapereka zambiri poona kusowa komweko. Kalata yodandaula yopanda manambala siipita patali. Chitani zimenezi milungu iwiri kapena itatu tsiku lomaliza lisanafike, chifukwa maofesi amenewa amadzaza nthawi imeneyi.

Pa ngongole, muyezo umene alangizi ambiri amagwiritsa ntchito ndi woti ngongole yonse ya digiri isapose malipiro a chaka chimodzi a ntchito yoyamba imene mukuyembekezera. Ngati mukufuna kudzapitiriza ku udokotala kapena ku zamalamulo m'dziko ngati America, kumene maphunziro amenewa amabwera pambuyo pa digiri yoyamba ndipo ndi odula koposa, kusunga ndalama panopa n'kwanzeru kwambiri. Makolo nawonso anene msanga ndalama imene angakwanitsedi pachaka. Kubisa nambala imeneyi poopa kukhumudwitsa mwana kumangosamutsira vutolo ku chaka chachitatu, pamene kusiya sukulu kumapweteka kwambiri.

Mwatengedwa ku yunivesite kapena ku dipatimenti?

Ambiri amagwa apa chifukwa sanaone kusiyana. Ku Britain mumatengedwa ku kosi inayake, ndipo kusintha kumafuna chilolezo chimene sichitsimikizika. Nthawi zina kumatanthauza kuyambiranso. Ku masukulu ambiri a ku America mumasankha phunziro lanu lalikulu cha kumapeto kwa chaka chachiwiri, koma ufulu umenewu uli ndi mipanda. Ku Carnegie Mellon, kusamukira ku sukulu ya sayansi ya makompyuta kuchokera ku gawo lina n'kovuta zedi. Ku University of Washington ambiri mwa malo a phunziro lomweli amapita kwa amene anatengedwa mwachindunji kuchokera kusekondale. Ku University of Pennsylvania, kulowa Wharton, sukulu yake ya zamalonda, muli kale m'kati n'kupikisananso. Choncho ngati sukulu ina yakupatsani malo m'phunziro limene mukufuna, pamene inayo, yotchukirapo, yakuikani kwina ndi chiyembekezo choti mudzasamuka, funsani kuti chaka chatha anapempha kusamuka angati ndipo analoledwa angati. Akakana kunena, limenelonso ndi yankho.

Kenako tsegulani buku la makosi la sukulu iliyonse n'kulemba ndondomeko ya zaka zonse, semesita ndi semesita. Ntchito imeneyi imatenga madzulo amodzi pa sukulu iliyonse ndipo imaulula zambiri kuposa kabuku kalikonse ka zithunzi zokongola. Mudzaona kuti ku Brown, kuyambira 1969, kulibe makosi okakamiza kunja kwa phunziro lanu lalikulu, pamene ku Columbia ndi ku Chicago aliyense amadutsa m'gulu la makosi ofanana, ambiri a mabuku akale ndi filosofi. Ku MIT ngakhale wophunzira zachuma amayenera kukhoza masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloji. Palibe njira yoposa inzake pamenepa, koma pali imene ingakutopetseni inuyo. Onaninso ngati makosi amene akukukopani anaphunzitsidwadi m'zaka ziwiri zapitazi. M'mabuku amenewa mumakhala makosi amene mwini wake anapuma pantchito kalekale. N'chifukwa chakenso si nzeru kusankha sukulu chifukwa cha pulofesa mmodzi wotchuka: akhoza kukhala pa tchuthi cha kafukufuku, kusamuka, kapena kuphunzitsa a digiri yachiwiri okha.

Kutalika kwa digiri kumalowanso m'masamu. Ku England digiri yoyamba nthawi zambiri ndi ya zaka 3, ku Scotland ndi ku America ndi ya zaka 4. Chaka chimodzicho ndi fizi ya chaka chathunthu komanso malipiro a chaka amene simunalandire, koma n'chimenenso chimapereka mpata woyesa maphunziro angapo kwa amene sanatsimikize chimene akufuna.

Mmene amaphunzitsira

Nambala yonena kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ophunzira 6 kapena 7 imanyenga, chifukwa ena mwa owerengedwawo amakhala m'labotale nthawi yambiri. Masukulu ambiri a ku America amafalitsa chikalata chotchedwa Common Data Set. Gawo I limasonyeza kuchuluka kwa makalasi a anthu osakwana 10, osakwana 20, mpaka a anthu 100 kapena kuposa. Gawo B limasonyeza kuchuluka kwa obwerera chaka chachiwiri ndi omaliza digiri, ndipo gawo H ndi la thandizo la ndalama. Ngakhale pamenepa khalani tcheru: makalasi ang'onoang'ono ochuluka akhoza kukhala a chaka chomaliza m'maphunziro a anthu ochepa, pamene inu chaka choyamba chonse mudzakhala m'holo ya anthu mazana. Funsani za makosi anayi kapena asanu amene mudzayambe nawo: mumakhala anthu angati, amaphunzitsa ndani, ndipo amachonga ntchito yanu ndani.

Kalendala ya chaka imasinthanso moyo wa wophunzira kuposa mmene ambiri amaganizira. Semesita imakhala ya milungu pafupifupi 15. Ku Stanford, Northwestern ndi Dartmouth chaka chimagawidwa m'zigawo za milungu pafupifupi 10, moti mayeso apakati amafika musanazolowere n'komwe. Mumaphunzira makosi ambiri, koma kudwala sabata imodzi kumakusiyani kumbuyo kwenikweni. Ku Oxford ndi ku Cambridge teremu ndi ya milungu 8, ndipo sabata iliyonse mumakhala pamaso pa mphunzitsi muli awiri kapena atatu, kuteteza zimene mwalemba. Wina zimenezi zimamukulitsa, wina zimamufoola. Kungotchulako, masukulu awiri amenewa simungawayerekeze makalata ali m'manja, chifukwa pa digiri yoyamba saloleza kupempha malo konse kuwiri chaka chimodzi.

Digiri ikadzatha

Ngati ntchito imene mukufuna imafuna chiphaso cha bungwe loyang'anira, monga uinjiniya, udokotala, unamwino kapena zamalamulo, fufuzani ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati yunivesite yokha, ndi yovomerezeka kumene mukufuna kukagwira ntchito. Pa uinjiniya, onani ngati inavomerezedwa ndi bungwe limene lili mu Washington Accord, pangano la mu 1989 lothandiza kuti madigiri azindikirike m'mayiko ena. Ku America bungwe lake ndi ABET. Yunivesite imodzi imatha kukhala ndi mapulogalamu ena ovomerezeka, ena ayi.

Wopita kudziko lachilendo aonenso malamulo a ntchito. Ku America wophunzira wa viza ya F-1 amaloledwa kugwira ntchito pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo akamaliza amakhala ndi miyezi 12 ya OPT, chilolezo chogwira ntchito yogwirizana ndi zimene anaphunzira, yowonjezeredwa ndi miyezi 24 kwa a maphunziro a sayansi, ukadaulo, uinjiniya ndi masamu. Ngati digiri ya zachuma ya sukulu ina inalembetsedwa m'gulu limeneli pamene ya inayo ayi, kumeneko n'kusiyana kwa zaka ziwiri zathunthu. Ku Britain, Graduate Route, viza yolola omaliza digiri kutsala n'kugwira ntchito, inayamba mu 2021 ndi zaka ziwiri, ndipo boma linalengeza zoitsitsa kufika pa miyezi 18. Malamulo otere amasintha msanga kuposa nthawi imene digiri imatenga, ndiye asakhale mzati wokhawo wa chosankha chanu.

Ziwerengero za sukulu zonena kuti pafupifupi onse anapeza ntchito muziwerenge ndi funso limodzi: anayankha mafunsowo ndi angati mwa omaliza? Amene zinthu sizinawayendere sakonda kuyankha. Chothandiza kwambiri n'kufufuza pa LinkedIn anthu 20 kapena 30 amene anamaliza pulogalamu yanuyo zaka zitatu kapena zisanu zapitazo n'kuona kumene ali.

Ofunika kuwafunsa

Ophunzira amene sukulu imakutumizirani anasankhidwa chifukwa amaikonda. Apempheni akulumikizeni ndi anzawo a chaka chachitatu m'dipatimenti yanu, ndipo ngati n'kotheka, ndi mmodzi amene anasiya phunzirolo. Musafunse kuti "Kumeneko n'kwabwino?" Funsani zinthu zimene zili ndi yankho logwirika: kosi iti munalephera kulowa chifukwa inadzaza, munadikira masiku angati kuti muonane ndi mlangizi wa maphunziro kapena wa za umoyo wa m'maganizo, munapeza bwanji malo m'labotale, pa tchuthi chachitali mahositelo amatsekedwa kapena ayi. Werenganinso nyuzipepala ya ophunzira ya sukulu iliyonse, ya miyezi itatu yapitayi. Chikomekome cha mkuyu chimaonekera m'kabuku ka sukulu. Nyerere mukazipeza m'nyuzipepala imeneyi. Ngati mungathe kukayendera, pitani tsiku wamba la m'kati mwa sabata ndipo mukhale nawo m'kalasi, osati pa tsiku lolandira otengedwa lokha, limene limakonzedwa mwapadera.

Nyengo ndi mtunda musazinyoze ngati zachibwana. Dera limene dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana kwa miyezi ingapo limasintha munthu amene sanazolowere, ndipo amene ali ndi matenda ofuna dokotala pafupipafupi ayenera kudziwa chimene inshulansi ya sukulu imalipira ndi chimene siilipira.

Kufika pa yankho

Anthu amakonda kupanga tebulo la mapointi: mbiri 8, nyengo 5, chakudya 6. Vuto lake n'lakuti munthu amasinthasintha manambala mpaka sukulu imene mtima unasankha kale itapambana, kapena tinthu ting'onoting'ono tisanu timaphimba chinthu chimodzi chachikulu. Njira yodalirika n'kuika malire kaye. Kodi banja lingalipire zaka zonse popanda ngongole yopyola muyezo? Kodi malo m'phunziro lanu ndi otsimikizika? Kodi digiriyo ikuzindikirika kumene mukufuna kukagwira ntchito? Sukulu yolephera limodzi mwa mafunso amenewa yatuluka, kaya dzina lake n'lalikulu bwanji. Ngati onse awiri adutsa ndipo kusiyana kwa ndalama n'kochepa, sankhani kumene ndondomeko ya makosi ija inakupatsani chidwi, ndipo musadzione ngati mwasankha mopepuka. Mudziikire tsiku lanu lomaliza, masiku atatu lisanafike la sukulu, kuti vuto la intaneti kapena la kubanki lisakutayitseni malo.

Mukatsimikiza, lipirani dipoziti, sungani risiti, ndipo dikirani uthenga wotsimikizira musanakane kwinako. Ukafika, kanani msanga kudzera pa tsamba lawo kapena pa imelo ya mizere iwiri. Pali wina pa mndandanda wa odikira amene malowo akumuyembekeza. Magiredi a teremu yomaliza musawalekerere, chifukwa pafupifupi kalata iliyonse ili ndi chiganizo chopatsa sukulu mphamvu yolanda malo magiredi akagwa kapena khalidwe likaipa. Mu 2017 Harvard inalanda malo a ophunzira osachepera 10 chifukwa cha zimene ankatumizirana m'gulu la pa Facebook. Ofuna viza apemphe nthawi yomweyo kusukuluko fomu ya I-20 ku America kapena nambala ya CAS ku Britain, zotsimikizira kuti sukulu yawalandira, popeza popanda zimenezi pempho la viza silingayambe, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi mizere imatalika. Fomu ya malo ogona nayo imakhala ndi tsiku lake lomaliza, losiyana ndi la dipoziti. Kalata ya thandizo la ndalama pamodzi ndi maimelo onse amene ofesi inakuyankhani muziike m'foda imodzi, chifukwa mudzazifuna pamene thandizo la chaka chachiwiri likuwerengedwanso.